KUPHUNZITSA ZA LIWU NDI KUNJENJEMERA: CHITSANZO CHA MAKINA A MPHEPO OMANGIDWA PA NYUMBA

Mawu oyamba

Pamene tinali kuyendera ophunzira athu m'sukulu zimene amayeserera kuphunzitsa, tidaonerera kangapo phunziro la sayansi la mutu wa liwu. Pafupifupi paliponse mphunzitsi adalemba pa bolodi kuti liwu limapangika chinthu chikanjenjemera, ana adabwereza chiganizocho katatu mokweza, nachikopera m'makope mwawo, kenaka belu lidalira. M'phunziro lonselo panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene adakhudza chinthu chonjenjemera. Titafunsa kalasi ina chifukwa chimene mvula imasokosera kwambiri pa denga la malata kusiyana ndi pa denga la udzu, ana onse adangoti chete. Chiganizo adachiloŵeza, koma sichidaŵathandize kufotokoza chinthu chimene amachimva chaka ndi chaka.

M'nkhani ino tifuna kuonetsa m'mene mutu umenewu ungaphunzitsidwire kuchokera pa vuto lenileni, ndilo phokoso ndi kunjenjemera kwa makina ang'onoang'ono a mphepo opangira magetsi amene amamangidwa pa denga kapena pa khoma la nyumba. Sitidasankhe chitsanzochi mwangozi. Chiyambire kutchuka kwa mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina otere mu 2002, mphunzitsi wa sayansi ayenera kuyembekeza kuti tsiku lina mwana adzabwera ndi dayinamo ya njinga m'manja, nadzafunsa malo abwino oikapo makina ake. Malo oyamba amene mwanayo adzaganize ndi pa denga, poti ndi pamwamba. Yankho la mphunzitsi likhoza kupulumutsa denga la makolo a mwanayo ndi tulo ta banja lonse.

Zimene zidachitika ku Britain

Mu 2006 sitolo zazikulu za B&Q ku Britain zidayamba kugulitsa makina a mphepo omanga pa khoma la nyumba pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1,500. Anthu adagula ndi chiyembekezo chochepetsa ndalama zolipirira magetsi. M'zaka za 2007 ndi 2008 kudachitika kafukufuku wotchedwa Warwick Wind Trials, amene adayeza makina 26 omangidwa pa nyumba m'malo osiyanasiyana a dzikolo. Zotsatira zake zidali zokhumudwitsa. Pophatikiza onse ndi kugaŵa mofanana, makina amodzi ankapanga magetsi okwanira kuyatsa babu la mawati 10 kwa maola 21 okha pa tsiku, ndiye kuti mayuniti 78 pa chaka chathunthu. Makina ena ankapanga magetsi ochepa kuposa amene zipangizo zake zoyendetsera zinkadya.

Chofunika kwambiri kwa ife ndi ichi: makina amene ankapeza mphepo yabwino anali omangidwa pamwamba pa nyumba zazitali zosanjikizana, koma ameneŵa adazimitsidwa kwa nthaŵi yaitali chifukwa anthu okhala m'nyumbazo adadandaula ndi phokoso. Pamene padali mphepo yochepa makina sadathandize, ndipo pamene padali mphepo yambiri adasoŵetsa anthu mtendere.

Mu 2009 bungwe la Energy Saving Trust lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wa makina 57, mwa iwo 38 omangidwa pa nyumba ndi 19 oima pa milongoti yawoyawo. Mwa makina omangidwa pa nyumba za m'mizinda panalibe amene adapitirira mayuniti 200 pa chaka, pamene oima pa milongoti m'malo a poyera, makamaka ku Scotland, adachita bwino. Chaka chomwecho sitolo zija zidaleka kugulitsa makinawo.

Nkhaniyi imatipatsa mafunso atatu, ndipo ndiwo maziko a phunziro lathu: Kodi liwu likuchokera kuti? Likuyenda njira iti? Nanga likafika m'khutu ndi lalikulu motani?

Kumene phokoso limachokera

Gwero loyamba ndi mapiko. Makina aang'ono amazungulira mofulumira kwambiri kuposa aakulu. Tiyerekeze makina a mapiko 3, phiko lililonse lotalika mita imodzi, ozungulira maulendo 300 pa mphindi. Pa sekondi imodzi azungulira maulendo 5. Ulendo uliwonse nsonga ya phiko imayenda mamita 6.28, kotero pa sekondi iyenda mamita 31.4, ndiwo makilomita 113 pa ola. Chinthu chong'amba mpweya pa liŵiro lotere sichingakhale chete. Mwana amene adazunguzapo ndodo kapena legeni pamwamba pa mutu wake amaudziŵa mluzu wake. Liŵiro la nsonga likaonjezeka pang'ono, phokoso limakula kwambiri.

Gwero lachiŵiri ndi jenereta, imene imagwira ntchito ngati dayinamo ya njinga. M'kati mwake maginito amadutsa pafupi ndi mawaya okulungidwa, ndipo pa kudutsa kulikonse pamakhala kukokana pang'ono. Kukokana kumeneku kumachitika kambirimbiri pa sekondi, ndipo kumamveka ngati kung'ung'udza kwa njuchi. Maberingi akayamba kutha amaonjezerapo phokoso lawo.

Gwero lachitatu ndi kusalingana kwa kulemera kwa mapiko. Phiko limodzi likalemerapo pang'ono kuposa anzake, pa kuzungulira kulikonse limakokera makina onse mbali imene lili. Makina ozungulira maulendo 5 pa sekondi amagwedeza mlongoti wake maulendo 5 pa sekondi, usana ndi usiku.

Gwero lachinayi ndi mphepo yovundukavunduka. Tikayang'ana madzi a mumtsinje podutsa mwala, timaona kuti kuseri kwa mwalawo amazungulira ndi kubwerera m'mbuyo. Mphepo imachitanso chimodzimodzi ikakumana ndi nyumba kapena mtengo. Pamwamba penipeni pa denga mphepo siyenda molunjika. Imamenya makina uku ndi uku, makinawo namangotembenuka kufunafuna kumene ikuchokera, mapiko akuthamanga ndi kuleka. Motero denga limapatsa makina mphepo yoipa kenaka limalandira kugwedezeka kumene mphepo yoipayo yabweretsa.

Njira ziŵiri zimene liwu limayenda

Njira yoyamba ndi ya mu mpweya. Liwu limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, likumwazikira mbali zonse, ndipo limacheperachepera pamene likupita kutali. Iyi ndi njira imene mnansi wathu amamvera mluzu wa mapiko.

Njira yachiŵiri ndi ya m'zinthu zolimba, ndipo ndi imene ophunzira ambiri saidziŵa. Kunjenjemera kwa makina kumatsika ndi mlongoti, kuloŵa m'mabawuti, m'khoma, m'mitanda ya denga, mpaka m'malata. M'chitsulo liwu limayenda mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi, ndipo silimwazika monga limachitira mu mpweya, chifukwa limatsata chitsulocho. Munthu wogona m'chipinda sangathe kulithaŵa potseka zenera, popeza liwulo likutuluka m'khoma ndi m'denga la chipinda chomwecho.

Apa ndi pamene zoimbira za makolo athu zimatithandiza. Waya wa bangwe tikamkunga pakati pa mitengo iŵiri, liwu lake ndi laling'ono, pakuti waya woonda amakankha mpweya wochepa. Koma tikamkunga pa thabwa, thabwa lonse limanjenjemera naye pamodzi ndipo limakankha mpweya wambiri. Khungu la ng'oma ndi thupi la kalimba zimagwira ntchito yomweyo. Denga la malata ndi lopyapyala, lopepuka ndiponso lotambalala, kotero ndi loyenera kwambiri kuchita ntchito ya thabwa la bangwe. Womanga makina pa denga amasandutsa nyumba yake kukhala choimbira, iye mwini nakhala m'kati mwake. Ili ndilonso yankho la funso lija la mvula: malata amanjenjemera dontho likagwa, pamene udzu, pokhala wofeŵa, umameza kunjenjemerako.

Palinso chinthu china chofunika kuchisiyanitsa ndi chimenechi. Chinthu chilichonse chili ndi kanjenjemeredwe kakekake. Katungwe tikamamkankha pa nthaŵi yeniyeni imene akubwerera, amapita patali ngakhale tikukankha pang'ono. Tikamamkankha mosalingana ndi kayendedwe kake, sapita patali. Denga nalonso lili ndi kanjenjemeredwe kake. Popeza liŵiro la makina limasintha ndi mphepo, imafika nthaŵi imene kugwedeza kwa makina kumalingana ndi kanjenjemeredwe ka denga, ndipo pamenepo nyumba yonse imalira. Mphepo ikakula kapena kuchepa pang'ono, kulirako kumaleka. M'mabuku a sayansi a Chingerezi chimenechi amachitcha resonance. N'chifukwa chake zikho za pansi pa ulimba zimasiyana kukula: chikho chilichonse amachisankha kuti chigwirizane ndi liwu la thabwa lake.

Kunjenjemera sikuthera m'khutu. Akulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kusweka. Kugwedeza kosalekeza kumamasula mabawuti, kumakulitsa maboo a misomali m'malata, ndipo kumagumula matope kapena simenti ya pakati pa njerwa. Khoma la zidina zomangidwa ndi matope silingapirire nthaŵi yaitali, ndipo denga la misomali yomasuka silichedwa kudontha ngakhale kusasuka mvula ya mkuntho ikabwera.

Kuyeza kukula kwa liwu

Kukula kwa liwu kumayezedwa mu madesibelo, amene timalemba mwachidule kuti dB. Kunong'ona ndi 30 dB mongoyerekeza, ndipo kucheza kwa anthu aŵiri oyandikana ndi 60 dB. Mphunzitsi asamale, chifukwa muyeso umenewu suyenda monga mamita kapena makilogalamu. Malamulo atatu aŵa ndi okwanira:

1. Liwu likakwera ndi 10 dB, khutu limalimva ngati lakula kaŵiri.
2. Makina aŵiri ofanana akamalira pamodzi, muyeso umakwera ndi 3 dB yokha.
3. Pamalo a poyera, mtunda ukaŵirikiza kaŵiri, liwu la mu mpweya limatsika ndi 6 dB.

Mu 1999 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti phokoso losalekeza lisapitirire 30 dB m'chipinda chogona ndi 35 dB m'kalasi pa nthaŵi ya maphunziro. Mu 2011 dziko la England lidalola anthu kuika makina aang'ono a mphepo pa nyumba zina popanda kupempha chilolezo chapadera, ndipo chimodzi mwa zofunika chidali chakuti phokoso lake lisapitirire 42 dB pafupi ndi zenera la mnansi.

Komabe nambala yokha sifotokoza zonse. Usana liwu la makina limabisika m'phokoso la anthu, ziŵeto ndi magalimoto, koma usiku limamveka lokha. Ndiponso liwu long'ung'udza lobwera ndi kuleka limasautsa kuposa mkokomo wosasintha wa mtsinje, ngakhale muyeso wake utakhala wofanana. Udzudzu umodzi umasoŵetsa munthu tulo pamene mvula imamgoneka.

Chikonzero cha phunziro

Phunziroli ndi loyenera Sitandade 7 kapena 8, ndipo limafuna mapiriyodi aŵiri. Nyengo yabwino ndi ya mwera, makamaka mu June ndi July, pamene mphepo siisoŵa.

*Zolinga.* Pakutha pa phunziro ana athe (a) kusonyeza ndi manja awo kuti chinthu cholira chimanjenjemera. (B) kusiyanitsa liwu loyenda mu mpweya ndi loyenda m'zinthu zolimba. (C) kufotokoza chifukwa chimene makina a mphepo sayenera kumangidwira pa denga.

*Zipangizo.* Ng'oma, mchenga wouma, kalimba kapena sipoko ya njinga, chidutswa cha lata chopanda m'mphepete mwakuthwa, nsalu yopindapinda kapena chidutswa cha chubu cha galimoto, njinga ya dayinamo, kathumba ka mchenga, luzi kapena mphira, nsungwi yaitali ndi timizere ta nsalu.

*Chiyambi.* Fotokozani mwachidule za anthu a ku Britain amene adapempha kuti makina azimitsidwe. Funsani kuti: "Ngati mawindo adali otseka, nanga phokoso linkaloŵera pati?" Lembani mayankho onse pa bolodi osanena lolondola. Ana adzabwererako pa mathero.

*Ntchito yoyamba.* Ana agwire pakhosi pawo akung'ung'udza. Kenaka thirani mchenga pa ng'oma yogoneka chagada, mwana aimenye pang'ono, anzake aone mchenga ukuvina. Wina aike chikhatho pa khungu la ng'oma, ndipo anene chimene chachitikira mchenga ndi liwu.

*Ntchito yachiŵiri.* Aŵiriaŵiri, mmodzi akande mapeto a desiki ndi chikhadabo pang'onopang'ono, mnzake amvetsere ali chiimire, kenaka amvetsere khutu lili pa desiki. Asinthane.

*Ntchito yachitatu.* Lizani kalimba ili m'malere, kenaka itatsamira pa desiki, kenaka pa lata, ndipo potsiriza ikani nsalu kapena chubu pakati pa kalimba ndi lata. Ana asanje maliwu anayiwo kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. Ntchito iyi ndiyo mtima wa phunziro lonse, choncho musaithamangire. Gulu lililonse liichite lokha.

*Ntchito yachinayi.* Gadamitsani njinga, zunguzani tayala la kumbuyo, ana agwire felemu. Tsono mangani kathumba ka mchenga zolimba pa masipoko pafupi ndi limu, zunguzaninso, ndipo agwirenso felemu. Adzamva njinga ikudumphadumpha. Chotsani kathumbako, khudzitsani dayinamo ku tayala, amvenso kung'ung'udza m'manja mwawo. Mphunzitsi yekha ndiye azunguze, ndipo zala za ana zisayandikire masipoko.

*Ntchito yachisanu.* Mangani timizere ta nsalu ku nsonga ya nsungwi. Iimikeni kuseri kwa kalasi molingana ndi denga, kenaka pakati pa bwalo la mpira. Ana ajambule m'mene timizereto tikuulukira m'malo aŵiriwo. Onetsetsani kuti palibe mawaya a magetsi pafupi.

*Mathero.* Bwererani ku mayankho a pa bolodi, ana eni ake afufute olakwa ndi kupereka zifukwa. Pokhapokha zitatha izi ndi pamene alembe chiganizo cha kunjenjemera m'makope mwawo.

Ngati muli ndi foni ya m'manja yokhala ndi pulogalamu yoyezera phokoso, mungayeze liwu la belu pa mamita 5, 10 ndi 20. Foni siyeza molondola kwenikweni, koma imaonetsa bwino kutsika kwa manambala.

Zolakwa zofunika kupeŵa

Cholakwa choyamba ndi kuuza ana kuti liwu limamveka kwambiri m'desiki chifukwa limathamanga kwambiri m'menemo. Liŵiro ndi kukula ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Limamveka kwambiri chifukwa silimwazika ndipo limafika ku khutu lisadatayike.

Chachiŵiri ndi kunena kuti lata limaonjezera mphamvu. Lata silipanga mphamvu, limangoipereka msanga ku mpweya. Ana akamvetsera bwino adzaona kuti sipoko yotsamira pa lata imalira mokweza koma imaleka msanga.

Chachitatu ndi kusiya ana ndi maganizo akuti mphira imathetsa vuto lonse. Mphira imachepetsa kung'ung'udza, koma sichotsa mluzu wa mapiko, sikonza mphepo yovunduka, ndipo sichepetsa mphamvu imene mphepo ya mkuntho imakankhira khoma.

Chachinayi, ndipo ndicho choopsa, ndi kupha chidwi cha ana. Cholinga chathu si kuŵauza kuti makina a mphepo ndi oipa ayi. Vuto lagona pa malo oŵaikapo.

Yankho kwa mwana wa dayinamo

Kamkwamba adapanga makina ake ndi felemu ya njinga, fani ya thirakitala, mapiko a mapaipi a pulasitiki ndi dayinamo, ndipo adaŵaika pa nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika mamita pafupifupi 5. Chimene chidaloŵa m'nyumba ndi waya wa magetsi. Ili ndi phunziro limene mwana angaligwiritse ntchito: makina aime pa nsanja yawo, yozikika m'nthaka, yosakhudza khoma kapena denga, kuti kunjenjemera kuthere pansi.

Pa za kutalika, unduna woona za mphamvu ku America umalangiza kuti mapiko akhale mamita 9 pamwamba pa chinthu chilichonse chimene chili m'kati mwa mamita 90. Mwana wa ku pulayimale sangamange nsanja yotere, ndipo tisamlole kukwera pamwamba popanda munthu wamkulu. Koma angathe kusankha malo a poyera, kutali ndi mitengo ndi zipinda zogona, kumbali kumene mphepo imachokera. Angathenso kuyesa mapiko ake asadaŵakweze: akaŵazunguza ndi dzanja kangapo ndipo phiko lomwelomwelo n'kumaima pansi, ndiye kuti ndi lolemera, alipale mpaka lilingane ndi anzake. Muuzeninso kuti mphepo ikaŵirikiza liŵiro lake kaŵiri, mphamvu yake imakula maulendo 8, motero kusuntha makina kupita pamalo a mphepo yabwino kumapindula kuposa kukulitsa mapiko pang'ono. Potsiriza, akambirane ndi makolo ndi anansi asadakumbe dzenje, pakuti iwonso adzamva kulira kwa makinawo.

Mwana amene wagwira felemu ya njinga ikudumpha, namva kalimba ikukuwa pa lata, safunikanso kuletsedwa ndi mawu. Adzatha yekha kufotokozera atate ake chifukwa chimene nsanja iyenera kuima patali ndi nyumba. Tikupempha wophunzira aliyense amene adzayese phunziroli kuti adzalembe mayankho a ana a pa chiyambi ndi a pa mathero, nadzabwere nawo ku koleji kuti tidzakambirane.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Makina akulira 54 dB pa mtunda wa mamita 5. Kodi aikidwe mamita angati kuchokera pa zenera kuti liwu litsike kufika 42 dB?
2. Mapiko otalika theka la mita akuzungulira maulendo 600 pa mphindi. Pezani liŵiro la nsonga ya phiko pa sekondi.
3. Kodi mungasinthe bwanji ntchito yachiŵiri ndi yachitatu kuti mwana wosamva bwino atengeko mbali mokwanira?
4. M'kalasi ya ana 90 muli kalimba imodzi yokha. Fotokozani m'mene mungagaŵire magulu ndi zipangizo zina zimene mungapeze pamudzi.